Mbedza ya Kapitawo

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndameta nawo anthu m'chipinda chimodzi kuyambira tonse tisanamere imvi. Shopu yathu ndi yopapatiza, ili pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wosoka makatani. Muli mipando iwiri, galasi lalitali long'aluka pakona, benchi ya odikira ndi kasinki komwe mpopi wake sunasiyepo kudontha. Mpando wa kukhomo ndi wanga. Wa mkati unali wawo, ndipo nkhani yonseyi ndi ya mpando umenewo.

Pa ntchito anali katswiri, ndivomere ngakhale zimandiwawa. Makina ometera aliyense atha kuyendetsa, koma lezala ndi nkhani ina. Alamu akamawongola mzere wa pachipumi kapena kupala ndevu za pakhosi, kasitomala ankachita kusinza. Anthu ankalolera kudikira iwowo ine ndili chikhalire pampando wanga, ndikunamizira kuwerenga nyuzi ya sabata yatha.

Matenda awo anali magemu. Munthu wamkulu, wa ana okwatiwa kale, koma kuseri kwa katani kumene timasungako matawulo anaikako kakompyuta kakale ndi padi, kaja kogwira m'manja kokhala ndi mabatani. Makasitomala akangoduka, iwo lowu kuseri kwa katani. Magemu otchuka aja a mpira ndi magalimoto onyezimira sankawafuna, ankati ndi utoto wokhawokha. Awo anali timagemu totchipa ta ndewu, topangidwa ndi anthu awiri kapena atatu, ta zithunzi zokhala ngati zojambula ndi makala. Mayina ake enieni sankavutika nawo, ankatipatsa awoawo. Panali ka Mayi wa Ambulera, kamene mayi wina amathamanga pamadenga akumenya akuba ndi ambulera. Panali ka Sitima, ka mabatani awiri okha, kulumpha ndi kugwada. Ndiye panali ka Kapitawo, kamene ankakakonda kuposa tina tonse.

Ine ndinkawaseka. Ndinkati, "Alamu, mlongo wanga anakana amuna a magalimoto kuti akwatiwe ndi munthu wothamangitsana ndi zidole?"

Iwo sankapsa mtima. Ankandikoka malaya kuti ndione. "Inu alamu mutu ndi waukulu koma mulibe kanthu. Anthu opanga timagemuti analibe chuma chogulira utoto, ndiye nzeru zonse anaziika pa dzanja. Onani, ndikadina apa mayiyu akulumpha pomwepo, osati mawa. Ambulera ikagunda munthu chithunzi chimaima pang'ono, kuphethira kumodzi, mpaka kulemera kwake umakumva m'chala."

Akayamba choncho sankaleka. Ankandionetsa chipinda choyamba cha gemu, momwe muli kadzenje kosaya, ukagweramo umangotuluka. Chipinda chachiwiri dzenje lomwelo lili ndi minga. "Mwaona? Wakuphunzitsa osalemba liwu ndi limodzi lomwe." Ankati chofiira chilichonse m'menemo chimapha, ndipo palibe chofiira choikidwa kuti chikongoletse. Ankatinso ukafa sakuchedwetsa ndi nyimbo za maliro, usanamalize n'kutukwana komwe wabwerera kale pamene unali. Ine ndinkangoti eya, eya, maso ali pakhomo, kupempherera kasitomala woti andipulumutse.

Koma mfundo yawo yaikulu inali yakuti gemu yabwino sinama. Mdani asanamenye amachenjeza, phewa limakwera kapena chitsulo chimalira. Ukafa, walakwa ndiwe, ndipo ukudziwa pamene walakwa. M'kagemu ka Kapitawo umakhala munthu wa sipanala m'bwalo la zitsulo zakutha, ndipo kumapeto umakumana ndi Kapitawo mwini, atakhala m'chimakina chonyamulira katundu. Unyolo umalira, kenako chimbedza chimagwa. Pakati pa kulira ndi kugwako, chala chachikulu cha kumanja chiyenera kudina batani lozinda, n'kubwerera msanga pa batani lomenya. Alamu ankamugwetsa Kapitawoyo akundiuza nkhani za kutchalitchi.

Tsiku lina m'mawa alamu akupesa kasitomala, chipeso chinagwa. Anatola, chinagwanso. Nditawayang'ana m'galasi ndinaona mlomo wapendekera mbali imodzi, ndipo mawu amene ankayesa kunena ankangomveka ngati munthu wadzaza madzi m'kamwa. Wokonza mafoni ndi amene anaimitsa galimoto. Kuchipatala anati ndi sitiroko.

Anatuluka amoyo, tithokoze. Mlomo unabwerera m'malo, mawu anabwerera, mwendo unangotsala wokwekwereza pang'ono. Dzanja lamanja ndi limene linachita makani. Zala zinkamva zimene mutu ukunena, koma zinkamva mochedwa. Anawapatsa kampira kofinya ndi malaya oti azimanga mabatani n'kumasula, ndipo namwino atamva za magemu anati nawonso ndi mankhwala, azisewera.

Ine kushopu zinandithina. Loweruka mzere unkafika pakhomo la mayi wa makatani, anthu n'kumachoka akung'ung'udza. Ndiye panabwera bambo wina wometa amene shopu yake anaigumula pokuza msewu, munthu wa banja, wofatsa, wa dzanja labwino ndithu. Ndinamuika pampando wa alamu, koma ndinamuuziratu kuti mpandowo uli ndi mwini wake, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dzina linamumatirira pomwepo. Mpaka lero ndi makasitomala omwe amamutchula kuti Mlendo.

Kakompyuta kaja ndinakanyamula ndekha kupita nako kwa alamu. Amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo okonzera matayala, ndipo tinakaika patebulo la pabalaza, pafupi ndi windo, titasuntha mashini osokera a mlongo wanga. Alamu anagwira padi ija nthawi yaitali osayatsa. Kenako anati, "Alamu, mumve bwino. Tsiku limene ndidzagwetse Kapitawo ndi dzanja ili, ndikubwera kudzatenga mpando wanga. Ndisanamugwetse, lezala sindigwira."

Ndinati, "Bwanji osangomvera adokotala?"

"Adokotala amandilimbitsa mtima. Mlongo wanuyu amandilimbitsa mtima. Inu mumandinamiza ndi nthabwala. Ameneyu yekha ndi amene sandimvera chisoni."

Lamulungu lililonse masana ndinkapitako, ndipo sizinali zosangalatsa kuona. Zipinda zoyamba anadutsa mokwawa, malo amene kale ankadutsa akuyasamula. Atafika kwa Kapitawo anakakamira pomwepo. Unyolo ukalira, maso awo ankaona, phewa linkagwedezeka, koma chala chinkafika pabatani mbedza itatera kale. Kamunthu ka sipanala kankagwa, kankadzuka, kankagwanso. Sankatukwana ngati kale. Ankangopukuta dzanja pa buluku n'kuyambanso. Ine amene ndinkawaseka zaka zonsezo ndinkakhala pampando wa pulasitiki, tiyi n'kuzizirira m'kapu.

Mlongo wanga amasita zovala kuhotela ina, amaima tsiku lonse. Pondiperekeza kumsewu tsiku lina anati, "Achimwene, unyolo umenewu ndafika poulota. Ndikamachoka m'mawa ukulira, ndikamabwera ukulira. Nthawi zina ndimafuna kungozula waya, koma ndikazula ndiye atsala ndi chiyani?" Ndinangomuuza kuti abwerere, kukuzizira.

Miyezi inapita choncho, mvula inabwera n'kutha. Ndiye Mlendo anandidikira tsiku lina tikutseka, akusesa tsitsi. Anati kwapezeka malo kusaluni ina kutsidya la tauni, ndipo akufuna yankho mwezi ukamatha. Iye ankakonda kwathu, koma sakanapitiriza kukhala pampando wobwereka ana ali pasukulu. "Mundiuze chimodzi, bwana. Ngati mwini wake akubwera, ndipite ndi mtima woyera. Ngati sakubwera, ndikhale." Ndinamukalipira kuti akuwerengera munthu wamoyo masiku, koma ndikukalipa choncho ndinkadziwa kuti sakulakwa. Ndikanamulola kupita, alamu n'kulephera kubwera, ndikanatsala ndekha ndi mpando wopanda munthu. Ndikanamuuza kuti akhale, ndiye kuti ndawachotsa ntchito alamu ali pabalaza pawo.

Ndinakawauza mmene zinalili, osapita m'mbali. Anangogwedeza mutu. Mlongo wanga anandiuza pambuyo pake kuti kuyambira tsiku limenelo ngakhale chakudya ankadyera patebulo lomwelo, chala chinachita kutuluka thuza.

Kutatsala pang'ono kuti mwezi uthe, Lamulungu masana ndisananyamuke n'komwe, foni inalira. Anali mlongo wanga. "Achimwene, amugwetsa! Bwerani."

Ndinathamanga ngati mwana, ine ndi chimimba changachi. Ndinapeza mlongo wanga akutsuka makapu a alendo aja osagwiritsidwa ntchito, akuimba. Alamu anali patebulo, padi ili pamiyendo. Pasikirini pankadutsa mayina a anthu amene anapanga gemuyo, anthu ochepa oti sangadzaze n'benchi yathu yomwe. Ndinawamenya paphewa ndikuti, "Dolo wabwerera. Mlendo amange katundu."

Sanaseke. Anati, "Mbedza inachedwa."

"Inachedwa bwanji?"

"Kapitawoyu ndakhala naye zaka zambiri, ndimamudziwa kuposa mmene ndimakudziwirani inu. Mbedza ija sinagwe pa nthawi yake. Khalani apa, gwirani padi."

Ndinakana, ndinati ine zimenezi sindizidziwa. Iwo anati n'chifukwa chake akundifuna. Anatsegula gemuyo mwatsopano, n'kusankha zopita kwa Kapitawo mwachindunji, poti ukamugwetsa kamodzi njira imeneyo imatseguka. Anandionetsa batani lozinda ndi lomenya. Kenako anaika chala cha kumanzere patebulo. Unyolo unalira, iwo anagogoda kamodzi, mbedza inanditera pamutu.

Ndinafa, ndinafanso, ndinafa mpaka manyazi anatha. Mlongo wanga anabweretsa tiyi, anaima pakhomo ndi thireyi osamvetsa chimene chikuchitika. Alamu sankayang'ana ine, ankangomvetsera unyolo n'kumagogoda. Dzuwa litachoka pawindo, ndinayamba kumva ndekha kuti chala chawo chikugogoda kawiri mbedza isanagwe. Patapita nthawi ndinazinda. Ine, munthu amene ndimalephera n'kulemba uthenga pafoni osalakwitsa, mbedza ya Kapitawo inandiphonya. Ndinazindanso kachiwiri. Pamenepo anandigwira mkono kuti ndisiye.

Anayang'anitsitsa sikirini. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ukafa kwambiri amachedwetsa mbedza. Pang'onopang'ono, kuti usaone. Zaka zonsezi sindinadziwe, chifukwa kale sindinkafa kokwanira."

Ndinati mwina ndi kompyuta yatopa, ndi yakale. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Si kompyuta. Anachita dala, ndipo ndi anzeru anthu amenewa. Sakufunsa ngati ukufuna kuthandizidwa, poti akudziwa kuti munthu angakane. Sakulembera kuti iyi ndi njira ya ofooka. Amangokupatsa kampata, iwe n'kumaliza gemu, n'kukagona ukudziona ngati mwamuna. Akanakhala pano ndikanawagwira chanza, apanga chinthu chabwino." Anaika padi patebulo. "Koma ine ndimafuna sikelo, alamu. Miyezi yonseyi ndimayesa ndikudziyeza, chonsecho akundinyamula."

Mlongo wanga anatsitsa thireyi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira. "Ndiye mwapambana kapena simunapambane?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa. Ine ndauza kale anzanga kuntchito, ndaimbira ana. Kodi abambo, anthu amametedwa pakompyuta? Kachidole kameneka kali ndi ndevu? Ngati mukufuna kudziwa za dzanja lanu, pitani mukagwire mutu wa munthu." Atatero analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo tinamumva akulira.

Alamu anati, "Mutu wa ndani? Ndikayesere pakhosi pa mwana wa eni?"

Ndinagwira chibwano changa. Ndevu zinali zitamera ndithu, poti chidwalireni iwowo ndinkangozidula ndi makina, sindinalole munthu wina kundiika lezala. Ndinati, "Khosi ili ndi la mlamu wanu, mukalidula mlandu uthera pabanja. Mubwere mawa m'mawa, Lolemba anthu sachuluka."

Anabwera atavala malaya oyera aja a ntchito, osita bwino, mabatani atamanga okha mpaka pakhosi. Mayi wa makatani anatuluka kudzawapatsa moni, wokonza mafoni anaombera m'manja. Mlendo anachoka pampando mwaulemu, anapukuta ndi thaulo, n'kukakhala pabenchi manja ali pamaondo. Ankadziwa kuti yankho lake lituluka m'mawa womwewo. Ndinatseka chitseko kuti pasalowe munthu, ndinakhala pampando wa alamu, ndipo anandikulunga nsalu m'khosi.

Kupaka thovu kunayenda bwino. Kuika lezala latsopano m'chogwirira chake kunatenga nthawi, koma anakwanitsa okha, ndipo palibe anayerekeza kuwathandiza. Anandipendeketsa mutu ndi dzanja lamanzere, monga kale, n'kuika lezala pansi pa khutu.

Ndinalimva nthawi yomweyo. Lezala la alamu kale linkatsetsereka ulendo umodzi kuchokera kukhutu mpaka pachibwano. Tsopano linkayenda, n'kuima, n'kudumpha pang'ono, n'kuyendanso. Sindinaganize n'komwe, thupi linangoyamba lokha. Lezala likaima ndinkatembenuza nkhope pang'ono kuti tsaya lidziperekeze. Ndinakankha tsaya ndi lilime kuti khungu likungike. Tsaya lamanja linatha lopanda bala, ndipo ndinati, "Mwaona? Dzanja ndi lomwe lija."

Anapukuta lezala pathaulo. "Alamu, mukunditsatira."

"Ine? Ayi."

"Ndameta mitu zaka zonsezi, ndimadziwa mutu woyenda. Khalani ngati kasitomala. Kasitomala sathandiza, amangokhala."

Ndinati chabwino. Anandikweza chibwano, khosi lonse linakhala poyera. Ndinayang'ana kudenga, pamene pali banga la mvula, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindisuntha ngakhale zitavuta bwanji. Chitsulo chozizira chinandikhudza pansi pa chibwano n'kuyamba kutsika. Chinaima. Ndinamva chikunjenjemera pakhungu, pang'ono zedi, pamalo pomwe mtsempha umagunda. M'shopu munali zii, kupatula mpopi uja. Sindinasunthe mutu, Mulungu ndi mboni. Lezala linakhala pamenepo, kenako linachoka.

Nditatsitsa maso, alamu sankayang'ana khosi langa. Ankayang'ana m'galasi, pansi, pamene nsalu inathera. Manja anga onse awiri anali atafinya zogwirira za mpando mpaka mitsempha kutuluka. Ndinawamasula msanga, koma anali ataona kale.

Anati, "Chiyambireni simunandiopepo."

Ndinafuna kunena kuti ndi kuzizira, kuti ndi msana, kuti ayesenso. Bala panalibe, ngakhale kadontho ka magazi, ndipo mwina akanapitiriza akanamaliza bwinobwino. Koma ndinkawaopa, ndipo zinandipweteka kuposa tsiku limene sitiroko inawagwira.

Anatsuka lezala pasinki, analipukuta, analipinda ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kubenchi n'kulipereka kwa Mlendo, chogwirira chili kutsogolo. Mlendo anaimirira, anazengereza, analandira ndi manja awiri.

"Malizani," anatero alamu. "Kumanzere pansi pa nsagwada ali ndi kanjerewere, kamabisala m'ndevu. Muzikazungulira."

Anavula malaya oyera aja n'kuwapachika pamsomali, anatsala ndi sikipa ya mkati. Ndinati adikire ndiwaperekeze, iwo anati ayi, kasitomala sachoka pampando ndevu zili theka. Anatsegula chitseko okha. Ndinawaona m'galasi akudutsa pawindo, akukwekwereza mwendo, ndipo mayi wa makatani atawafunsa kuti zayenda bwanji anangokweza dzanja lamanzere osaima.

Mlendo anayandikira ndi lezala lija, anafunsa motsitsa mawu ngati apitirize. Ndinamuuza kuti asandikhudze kaye. Ndinakhala pampandopo tsaya limodzi losalala, lina la ndevu, thovu likuuma n'kumayabwa. Kunja munthu anagogoda kufunsa ngati tatsegula, ndipo Mlendo anayang'ana ine. Ndinadzuka, ndinakakhala pampando wanga wa kukhomo, n'kuuza Mlendo kuti amulowetse.